Botolo la vinyo lomwe lidandiphunzitsa Jogalafe

Mng'ono wanga adatsika minibasi pa Boma pano kumapeto kwa Epulo, nthawi imene ife a ku Mchinji timakhala pa kalikiliki wokumba mtedza. Adali atatha zaka zinayi ku Joni osapondako kumudzi. M'chikwama mwake mudatuluka bulangete la amayi, nsapato za ana anga ndi foni ya mlamu wake. Titaganiza kuti katundu watha, adapisanso dzanja pansi penipeni n'kutulutsa chinthu chokulungidwa m'buluku lakale. Adachimasula mosamala ngati dzira. Lidali botolo la vinyo wofiira.

"Achimwene, ili ndi lanu," adatero. "Mphesa zake ndidathyola nawo ndi manja angawa."

Kunena zoona, mphatsoyo siidandisangalatse. Ndine mphunzitsi pa sekondale ina yoyendera kuno kwathu, ndipo ndaona ndi maso anga momwe kachasu ndi mowa wa m'masacheti zidaonongera anyamata anzeru. Komanso mumtima ndidali ndikadali ndi kachilonda. Mnyamatayu adasiya sukulu ali Fomu 3, ine nditavutika kumulipirira fizi ndi kamalipiro kanga kochepa, n'kuthawira ku South Africa osanditsanzika. Tsono lero, m'malo mwa satifiketi, andibweretsere mowa?

Iye adaona nkhope yanga koma sadakhumudwe. Adangoti ndiwerenge zolembedwa pa botolopo. Padali mawu akuti Pinot Noir, lomwe ndi dzina la mtundu wa mphesa, chaka chimene mphesazo zidathyoledwa, ndi dzina la malo: Hemel-en-Aarde. M'chiyankhulo cha Afrikaans mawuwa akutanthauza kumwamba ndi dziko lapansi. Ndi chigwa chomwe chili kuseri kwa Hermanus, tauni ya m'mphepete mwa nyanja yamchere, mtunda wa makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Cape Town. Tauniyi imatchuka ndi anangumi omwe amafika pafupi ndi gombe chaka ndi chaka kuyambira cha mu Juni. Mng'ono wangayo amakhala ku Zwelihle, dera la anthu akuda la tauniyo, komwe akuti Chichewa ndi Chitumbuka zimamveka m'misewu, ndipo amagwira ntchito pa munda wina wa mphesa m'chigwamo.

Adakana kuti titsekule botololo tsiku lomwelo. Adati vinyoyo watopa ndi ulendo, poti adadzera ku Johannesburg, Beitbridge, Harare, Tete mpaka pa Dedza, akukhutchumuka m'basi. Tidadikira Lamulungu. M'mawa wake adaviika botololo mumtsuko wa madzi akumwa, nati vinyo wotereyu safuna kutentha komanso safuna kuzizira ngati fanta. Amayi adapha nkhuku ya lokolo n'kuphikanso bowa wofutsa. Malume athu, omwe fungo la chakumwa amalimva ali kutsidya kwa dambo, adafika nthawi yabwino.

Atathira m'matambula a galasi, aliyense pang'ono, chodabwitsa choyamba chidali mtundu wake. Ine ndinkayembekezera chinthu chakuda bii ngati magazi. Koma uyu adali wofiirira mopyapyala ngati madzi a chidede, moti ukakweza tambula poyera zala zako zinkaonekera kuseri. Malume adapukusa mutu.

"Mphwanga, akupusitsa azungu ako. Awa athiramo madzi."

"Yambani mwanunkhiza, malume," adayankha choncho mnyamatayo akuseka.

Ndidanunkhiza nanenso. Fungo lake lidandikumbutsa masitiroberi ndi mabulosi omwe anyamata amagulitsa panjira yokwera phiri la Zomba, omwe tinkagula apo ndi apo ndikuchita maphunziro auphunzitsi ku Domasi. Pansi pa fungo la zipatsolo padali linanso, longa la dothi mvula yoyamba ikangogwa, kapena la masamba ovunda m'nkhalango momwe mumamera bowa. Nditalawa, sadali wotsekemera ngakhale pang'ono. Adali wowawasa mosaluma, kuwawasa kodzetsa malovu ngati ukamamung'unya bwemba wakupsa. Pambuyo pake m'kamwa munkauma pang'ono monga zimachitikira ukamwa tiyi wopanda shuga, koma pakhosi sipadaotche. Nditameza, kafungo ka zipatso kaja kadatsalabe nthawi ndithu. Nditatsatiza ndi nthuli ya nkhuku ndidaona kuti kuwawasa kuja kukutsuka mafuta m'kamwa, ndipo bowa adakoma koposa masiku onse.

Vinyo amene ambirife timamudziwa ndi wotsekemera uja wa m'mabokosi kapena wa pa mgonero kutchalitchi. Ndiye ndidafunsa chimene chidachititsa kuti uyu akhale wotere.

"Ndi mphepo, achimwene," adatero.

Adafotokoza kuti minda yawo ili pafupi kwambiri ndi nyanja, moti ukaima pamtunda madzi umawaona. Madziwo ndi ozizira chaka chonse. Dzuwa likafika paliwombo n'kuyamba kupendeka, m'chigwamo mumalowa mphepo yochokera kunyanja, ndipo kutentha kumatha. Masiku ena kumaomba chimphepo cha kummwera chakummawa, mwera wawo wa kumeneko, chomwe eni ake amachitcha Cape Doctor. Adati ngakhale mu Febuluwale, mwezi wotentha kwambiri kumeneko, m'bandakucha munthu amafuna juzi.

Apa ndidachita manyazi chamumtima. Chaka chilichonse ndimajambula pa bolodi chithunzi cha mphepo imeneyi: masana mtunda umatentha msanga kuposa madzi, mpweya wotentha umakwera m'mwamba, ndipo mpweya wozizira wa panyanja umathamangira kumtunda kudzatenga malo. Ndimaphunzitsanso za Benguela, mtsinje wa madzi ozizira woyenda m'kati mwa nyanja ya Atlantic kugombe la kumadzulo kwa South Africa ndi Namibia. Ana amaloweza, amalemba pa mayeso a MSCE, n'kuiwala. Ine mwini sindidaganizepo kuti mivi imene ndimajambula ndi choko ingakhale ndi kakomedwe kake. Amene adasiya sukulu ndiye adabwera nayo mivi ija m'botolo. Akuluakulu sadaname kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ngakhale mlendo wake adali mwana wa m'nyumba momwemo.

Nkhani yake ili motere. Mphesa ikamapsa, shuga amachuluka m'kati mwake pomwe asidi, amene amaipatsa kuwawasa, amachepa. Kutentha kumafulumizitsa zonse ziwirizi. Popanga vinyo, yisiti amadya shuga uja n'kumusandutsa mowa, monga zimachitikira ndi chimera pofulula masese. Choncho mphesa za kumalo otentha, poti zimadzaza shuga msanga, zimatulutsa vinyo waukali, wakuda, wolemera m'kamwa, wa fungo longa jamu. Kumalo ozizira mphesa zimapsa pang'onopang'ono. Zimakhala nthawi yaitali pa mpesa, fungo lake limakhwima bwino shuga asadachuluke mopitirira, ndipo kuwawasa sikuthawa. Vinyo wake amakhala wopepuka ndi wotsitsimula, ukali wake uli cha m'ma 13 pa 100 alionse. Kusatsekemera kuja ndi chifukwa chakuti opanga amalola yisiti kudya shuga yense.

Kuti malume amvetse, ndidawaloza mbale ya ndiwo. Nkhuku yachizungu imakula m'masabata asanu ndi limodzi, imanona, koma msuzi wake ndi wosakoma. Ya lokolo imatenga miyezi ikupalasa pabwalo, minofu yake ndi yochepa, koma palibe amene amafunsa kuti yokoma ndi iti. Mtedza wa Chalimbana nawo umachedwa m'munda kusiyana ndi mitundu yocha msanga, koma wokazinga wake aliyense amaudziwa. Malume adagwedeza mutu n'kupereka tambula kuti awonjezeredwe. Mng'ono wanga adawathirira madontho owerengeka, nati chakumwa ichi sicholedzerera, n'chodyera nsima.

Nanga kufiira kopyapyala kuja? Madzi a m'kati mwa mphesa, ngakhale zakuda, ndi oyera. Mtundu umachokera ku khungu, lomwe amalisiya m'madzimo pamene vinyo akuwira. Kuuma kwa m'kamwa kuja nako kumachokera ku khungu ndi njere. Pinot Noir ili ndi khungu lopyapyala, motero mtundu ndi kuuma komwe imapereka n'zochepa poyerekeza ndi mitundu ina monga Cabernet Sauvignon kapena Shiraz. Akatha kuwira, vinyoyo amasungidwa miyezi ingapo m'migolo yamatabwa ya malita 228 asadathiridwe m'mabotolo.

Kwawo kwa mphesa imeneyi ndi ku Burgundy m'dziko la France, komwe yakhala ikulimidwa kwa zaka mazana ambiri. Alimi amati ndi mbewu yovuta ngati mwana wachisamba woleredwa ndi agogo. Phava lake ndi lothinana, ndiye chinyezi chikalowamo limaola. Dzuwa likanyanya, khungu limapserera ndipo fungo limathawa. N'chifukwa chake kunja kwa France imachita bwino m'malo ochepa okha, ndipo ambiri mwa malowo ali m'mphepete mwa nyanja zozizira: gombe la Sonoma ku California, chigwa cha Casablanca ku Chile komwe kumaziziritsidwa ndi madzi a Humboldt, chilumba cha Tasmania ku Australia, ndi madera ena a New Zealand. Nditayang'ana pa mapu a m'kalasi mwanga ndidapeza kuti mitsinje ya m'nyanja ya madzi ozizira imene ana amavutika kuiloweza, California, Humboldt ndi Benguela, yonse ili ndi minda ya mphesa kumtunda kwake.

Ku South Africa vinyo si wachilendo. Jan van Riebeeck adalemba kuti vinyo woyamba wa ku Cape adafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659, ndipo minda idafalikira ku Constantia, Stellenbosch, Paarl ndi madera ena. Koma Pinot Noir inkavuta m'madera otentha. Mu 1925 katswiri wina wa pa yunivesite ya Stellenbosch, Abraham Perold, adaikwatitsa ndi mphesa ina yopirira yotchedwa Cinsaut, ndipo padabadwa mtundu watsopano wa Pinotage, womwe lero ndi chizindikiro cha vinyo wa dzikolo. Njira inayo idali yosiya mbewu momwe ilili n'kuifunira malo oyenera. Izi ndi zomwe adachita Tim Hamilton Russell mu 1975 pogula malo ku Hemel-en-Aarde, kufunafuna kozizira. Vinyo wake woyamba adatuluka mu 1981. Mu 1989 kudabwera munda wa Bouchard Finlayson, ena n'kumatsatira, mpaka chigwacho chidasanduka likulu la Pinot Noir m'dzikolo. Dothi la mbali zambiri za chigwacho ndi lamakande losakanikirana ndi miyala, lomwe limasunga chinyezi m'chilimwe chouma cha kumeneko.

Koma dzina lokongola la chigwacho lisatinamize kuti ndi kumwamba kwa aliyense. Amayi atafunsa za ntchito, mng'ono wanga adatambasula manja ake. Adali okhakhala, odzaza zipsera za sizasi. Nthawi yokolola, mu Febuluwale ndi Malichi, amalowa m'munda kusadache kuti mphesa zikafike kofinyira zikadali zozizira. Phava lililonse amalidula ndi manja n'kuliika m'makireti ang'onoang'ono kuti zapansi zisaphwanyike. Mu Juni ndi Julayi amadulira mipesa mvula yozizira ili pamsana. Adatinso botolo limodzi la m'minda yotchuka ya kumeneko limaposa malipiro a tsiku lonse a munthu wothyola mphesa.

Mbiri ya antchito a m'minda ya mphesa ku Cape ili ndi misozi yake. Kwa zaka zambiri eni minda ankalipira antchito gawo lina la malipiro awo ndi vinyo wotchipa, mchitidwe womwe unkatchedwa dop. Udaletsedwa, koma udasiya uchidakwa m'mabanja ndi ana obadwa olumala ubongo chifukwa cha mowa umene amayi awo ankamwa ali oyembekezera. Mu 2012 antchito a m'minda ku De Doorns adanyanyala ntchito, ndipo chaka chotsatira boma lidakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa R69 kufika pa R105 pa tsiku. Kwa mlendo pali mantha enanso. Tonse tikukumbuka mabasi omwe adabweretsa abale athu mu 2008 ndi mu 2015 atathawa zipolowe zodana ndi obwera. N'chifukwa chake mng'ono wanga adanenetsa kuti botolo lija sadapatsidwe ngati malipiro.

"Ndidagula ndi ndalama zanga, pa mtengo wa antchito. Ndinkafuna muone kuti kumeneko sindikungoyendayenda."

Mawu amenewo adandilasa. Zaka zinayi zonsezi ndinkamuwerengera ngati wotayika.

Malume, monga mlimi, adafunsa funso lomwe owerenga ambiri angafunse: bwanji osabzala mphesazo kuno, poti nakonso mu Juni kumazizira mpaka mano kugwedezeka? N'zoona kuti Mchinji ili pamtunda wokwera mamita pafupifupi 1,200, ndipo kukwera kumachepetsa kutentha. Koma vuto ndi kalendala ya mvula. Ku Cape, komwe kuli madigiri 34 kummwera kwa Equator, mvula imagwa m'nyengo yozizira mipesa ili mtulo, ndipo mphesa zimapsa kunja kuli kouma. Kuno, pa madigiri 14, mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, m'nyengo yotentha, nthawi yomwe mphesazo zikadakhala zikupsa. Phava lothinana la khungu lopyapyala silingapirire chinyezi chotero. Mpesa wa pakhonde ungabereke zodya ana, koma vinyo wa mtundu uja ayi. Amene adaganiza bwino ndi a Linga ku Lilongwe, omwe amapanga vinyo kuchokera ku zipatso zomwe dziko lathu limabereka mosakakamiza, monga jambula, mabulosi, magwafa ndi chidede.

Chimene chidandisowetsa tulo usiku umenewo si kukoma kwa vinyoyo koma dzina la malo lolembedwa pa botolo. Kuyambira 1973 dziko la South Africa lili ndi lamulo lakuti botolo likatchula dera, mphesa zonse za m'menemo zikhale zochokera kuderalo, ndipo pakhosi pa botolo pamamatidwa chidindo chotsimikizira. Wogula ku London kapena ku Lilongwe akawerenga Hemel-en-Aarde amadziwa kuti akugula mphepo ija, dothi lija ndi kupsa kwa pang'onopang'ono kuja, ndipo amalipira mtengo wake. Anthu aja adaphunzira malo awo, adapeza mbewu yogwirizana nawo, n'kusandutsa kuzizira, komwe ena akadakuyesa tsoka, kukhala chuma.

Tsono taonani mtedza wathu. Mchinji imadziwika dziko lonse ndi mtedza, koma pitani pa Kamwendo, pa Kapiri kapena pa Mkanda nthawi ino. Mavenda akhazika masikelo m'mbali mwa msewu. Chalimbana, CG7, wouma bwino ndi wonyowa, zonse zikuthiridwa m'thumba limodzi, n'kukwera lole ya ku Lilongwe kapena kuoloka pa Mwami popanda dzina. Mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, khofi wa Mzuzu ndi tiyi wa ku Thyolo zimagulidwa ndi maina awo. Alimi a bungwe la MASFA kuno kwathu adaonetsapo kuti n'zotheka pomwe mtedza wawo udafika m'masitolo a ku Britain. Koma dzina limafuna kulisamala. Tikamawaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa kapena kuti ulemere pa sikelo, timaitana chuku, ndipo chuku ndi chimene chidatitsekera misika yambiri yakunja. Wothyola mphesa akaona phava loola amalitaya pomwepo, chifukwa amadziwa kuti phava limodzi lingaipitse mgolo wonse ndi mbiri ya chigwa chonse.

Sabata yotsatira ndidatsuka botolo lopanda kanthulo, ndidapempha chilolezo kwa ahedi, n'kupita nalo m'kalasi la Fomu 4. Ndidayamba ndi kuwauza kuti sindidabwere kudzaitanira mowa, ndipo aliyense wosakwana zaka 18 lamulo likumuletsa. Kenaka ndidawauza kuti apeze Hermanus pa mapu, ajambule mphepo ya kunyanja, ndipo afotokoze chifukwa chake mphesa ya khungu lopyapyala ingakhwime kumeneko koma osati ku Nsanje. Kwa nthawi yoyamba phunziro la nyengo ya Mediterranean lidatha popanda wina kuwodzera. Ntchito ya kunyumba idali yakuti aliyense akafunse makolo ake kuti ndi dothi liti m'mudzi mwawo limene limabereka mtedza wokoma, ndipo chifukwa chiyani.

Mnyamata wina wa kumbuyo adakweza dzanja. "Sala, ndiye kuti tizingopita ku Joni?"

Ndidamuyankha ndi zomwe adandiuza mng'ono wanga titakhala awiri pakhonde. Adati pa munda wawo pali anthu omwe amayenda m'mizere ndi kachipangizo koyezera shuga, amapima asidi, n'kulamula tsiku loti kukolola kuyambe. Amenewo ali ndi mapepala a sukulu. Iye amadziwa ndi lilime lake kuti mphesa yapsa, nthawi zina iwo asadayeze n'komwe, koma ntchito yake ndi kusenza makireti. Adandipempha kuti ndimufufuzire ngati angathe kulemba mayeso a Fomu 4 ngati wophunzira wapadera akadzabweranso. Kalasi lonse lidakhala chete.

Adabwerera kumayambiriro kwa Juni kuti akapeze ntchito yodulira mipesa. Ndidamuperekeza pa depoti m'mawa kukuzizira, tonse titavala majuzi. Amayi adamupatsira kathumba ka Chalimbana wosankha ndi manja, wouma bwino, woti akagawireko anzake a ku Zwelihle ndi kapitawo wake. Minibasi isadanyamuke ndidatulutsa cholembera changa cha pa bolodi n'kulemba pa kathumbapo ndi zilembo zikuluzikulu mtundu wa mtedzawo, chaka chokolola, ndi dzina la Mchinji. Iye adawerenga, adaseka, n'kukaika pamiyendo pake m'malo mokaponya kumbuyo ndi katundu wina.